TIFUNSENI ZA CHIZUNGU: Mawu a liwiro, changu ndi phuma

Mwezi uno makalata angapo abwera pa nkhani imodzi, mawu a Chingerezi onena za kuthamanga ndi kufulumira, nde ndangowaika pamodzi. Ena ndawafupikitsa pang'ono.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndine mayi, ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina. Mapepala a malipiro anakhalitsa kwa akuluakulu osasainidwa nde ndinalemba imelo kuti "please fasten the process". Abwana anandiyankha ndi funso loti ndikufuna amange chani, anzanga mpaka lero akundiseka. Tsiku lina ndinalemba "hurry up" akuti ndachita mwano. Nanga ndizilemba chani?

YANKHO: Achemwali pepani kwambiri, ndipo ndinene pano kuti ambiri mwa okusekaniwo mutawafunsa chomwe mwalakwitsa sangafotokoze. Nzeru imene munatsata ndi yabwinobwino. Ife pa Chichewa tikafuna chinthu chichititsidwe timangosintha kumchira kwa mneni, kufulumira kumasanduka kufulumiza, kuchedwa kumasanduka kuchedwetsa, basi yatha. Chingerezi nachonso chili ndi kamchira kake ka "-en": "short" ndi chachifupi, "shorten" ndi kufupikitsa, "wide" ndi chotambasuka, "widen" kuchitambasula, "quick" amabala "quicken". Nde munthu ukaona "fast" mutu umangokuuza wokha kuti "fasten" ndi kufulumiza. Chimene chinakugwetsani ndi mbiri ya liwu la "fast" lo. M'Chingerezi chamakedzana liwuli silinkanena za liwiro ayi, linkanena chinthu chogwira zolimba, chosagwedezeka, ndipo "fasten" anabadwa nthawi imeneyo nkukakamira tanthauzo lomwelo mpaka lero: kumanga, kumangirira, kutseka mabatani. Mu ndege mukamva "fasten your seat belt" ndi uja mangani malamba. Tanthauzo lakalelo likadabisala m'mawu enanso, "fast asleep" ndi munthu amene ali m'tulo tofa nato osati wagona msanga, "hold fast" ndi gwiritsitsa osataya. Choncho abwanawo anawerenga kuti mukuwauza amangirire ntchitoyo isasunthe, mosemphana ndi zomwe inu mumafuna.

Mawu osavuta ndi "speed up the process", amenewa sakhumudwitsa munthu. Koma a mu ofesi enieni ndi "expedite". Mutha kulemba "I would be grateful if you could expedite the payment". Liwu limeneli ndimalikonda chifukwa cha komwe linachokera, ndi la Chilatini, "ex" kutanthauza kutuluka ndi "pes" kapena "pedis" lomwe ndi phazi, phazi lomwe lija lili mu "pedal" ndi "pedestrian". Ndiye kuti kuwonjola phazi lomwe lakodwa mu msampha. Mnzake wotsutsana naye ndi "impede", kukola phazi. Mukapempha munthu kuti achite "expedite" simukumuuza kuti athamange, mukumupempha achotse chomwe chakola fayiloyo, nchifukwa chake limamveka laulemu. Chenjerani kamodzi: timachita "expedite" chinthu, malipiro, katundu, chiphaso, osati munthu. Simunganene kuti "expedite the driver".

Za "hurry up" akunena zoona, ngakhale inu simunafune kuchita mwano. Taganizani, ife tili ndi "fulumira" ndi "fulumirani", kenako "tafulumirani", kenako "mutatifulumizirako", ulemu wonse uli m'kati mwa mneni momwemo. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha wa mwana ndi wa agogo, nde ulemu amaunyamula posankha liwu ndi timawu ngati "could" ndi "would". "Hurry up" ndi uja tafulumira iwe, wouza mwana amene akuchedwa kuvala nsapato kapena mnzako wapamtima. ASAP, chidule cha "as soon as possible", kutanthauza msanga momwe mungathere, nayenso musamawatumizire akuluakulu, amamveka ngati lamulo. Ine malangizo anga mutchule tsiku, "by Friday" amagwira ntchito kuposa mawu onse a changu muwasonkhanitse pamodzi, chifukwa msanga wanu ndi msanga wa abwana sizifanana.

FUNSO: Ine ndili fomu 3. Aphunzitsi a Chingerezi anatiuza kuti "accelerate" ndi kuwonjezera liwiro. Aphunzitsi a fizikisi akuti galimoto ikamanga mabuleki nayonso ili pa "acceleration". Wina akutinamiza eti? Komanso "speed" ndi "velocity" si chimodzimodzi?

YANKHO: Mwanawe palibe akukunamiza, onse awiri akunena zoona, kungoti liwu limodzi likugwira ntchito m'nyumba ziwiri. Pa Chingerezi cha tsiku ndi tsiku "accelerate" ndi kuwonjezera liwiro basi. Linalowa m'chilankhulochi m'zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chilatini, muzu wake ndi "celer", chinthu chaliwiro. Dalaivala akaponda moto galimoto imachita "accelerate", ndipo amalinenanso pa zinthu zosaoneka ndi maso, kukwera mitengo kwa zinthu, kukula kwa chuma, kufala kwa matenda. Apa pali kamsampha komwe ngakhale akuluakulu amagwamo: akati "inflation is accelerating" sakungonena kuti mitengo ikukwera, akunena kuti kakweredwe kakeko kakunka kafulumira, mwezi uno kuposa mwezi watha.

Mu fizikisi tsopano. "Speed" amangokuuza kuti mtunda wakuti pa nthawi yakuti, monga makilomita 60 pa ola. "Velocity" ndi liwiro lomwelo koma watchulanso kolowera, makilomita 60 pa ola kulowera kumpoto. Ndiye "acceleration" ndi kusintha kwa "velocity" pa nthawi, kusintha kulikonse. Ukawonjezera liwiro wasintha. Ukachepetsa wasinthanso, kungoti nambala yake imakhala ndi mainasi kutsogolo, ndipo mabuku ena amaitcha "deceleration" ena "retardation". Chomwe ana ambiri chimawazunguza mutu ndi chachitatu ichi: galimoto ikamakhota pa raundabauti singano ili pa 30 osasuntha, fizikisi imati ili pa "acceleration" ndithu chifukwa kolowera kukusintha. Thupi lako limadziwa zimenezi ngakhale mutu ukane, uja umatsamira kukhomo galimoto ikamakhota, kapena kugwera kutsogolo akamanga mabuleki mwadzidzidzi, kapena msana kukanikizika ku mpando akaponda moto, zitatu zonsezo ndi chinthu chimodzi. Isaac Newton ndi amene analemba malamulo a kayendedwe ka zinthu mu 1687, ndipo lachiwiri lake ndi lomwe mumaloweza lija loti F = ma, kutanthauza kuti mphamvu yokankha chinthu (F) ndi "mass" ya chinthucho (m) kuchulukitsa ndi "acceleration" yake (a).

Tiwerengere limodzi kamodzi kuti ikhazikike. Galimoto yanyamuka poima, pakutha masekondi 10 yafika makilomita 100 pa ola. Makilomita 100 pa ola ndi mamita pafupifupi 27.8 pa sekondi, ugawe ndi 10, upeza 2.8, kutanthauza kuti sekondi iliyonse liwiro limawonjezereka ndi mamita 2.8 pa sekondi. Mwala ukaugwetsa kuchokera pamwamba, "acceleration" yake ndi pafupifupi 9.8, kuposa galimoto ija katatu ndi theka. Nde pa mayeso yang'ana kaye pepala lomwe wagwira. La Chingerezi usalembe kuti basi inachita "accelerate" mpaka kuima, akuchonga molakwa. La fizikisi usalembe "speed" pomwe afunsa "velocity".

FUNSO: Aphunzitsi, "fastly" alipo kapena palibe? Nanga "fast", "quick", "rapid" ndi "swift" amasiyana pati, dikishonale yanga ikungondizunguza, ndikaona lina ikunditumiza kwa linzake.

YANKHO: Achimwene, "fastly" musiyeni, pa Chingerezi chovomerezeka cha lero sagwiritsidwa ntchito. "Fast" amakhala mfotokozi komanso muonjezi osasintha maonekedwe, "a fast car" komanso "he drives fast". Amene amalandira "-ly" ndi enawo, "quickly", "rapidly", "swiftly".

Kusiyana kwake kuli apa. "Fast" amanena za liwiro la chinthu chomwe chikuyenda, galimoto, sitima, wothamanga. "Quick" amanena za chinthu chosatenga nthawi. Mukalowa kubafa mphindi ziwiri nkutuluka ndi "a quick shower", mukati "a fast shower" mzungu aona ngati bafa likuthamanga mumsewu. Kuponya diso kamodzi pa pepala ndi "a quick look", kafunso kachidule ndi "a quick question". Pa Chichewa ndinganene kuti "fast" ndi liwiro, "quick" ndi msanga. Si lamulo losaphwanyika, mwana wogwira zinthu msanga m'kalasi amamutcha "quick learner" komanso "fast learner" onse awiri, koma kasanu ndi kanayi pa khumi likupulumutsani. Wotchi ikatsogola amati "my watch is fast", osati "quick".

"Quick" nayenso ali ndi mbiri yake yondisangalatsa, poyamba ankatanthauza chamoyo. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 limati "the quick and the dead", ndiye uja amoyo ndi akufa, osati aliwiro ndi akufa monga ena amamvera. Chitsulo chamadzi chija cha m'mathemometa akale, mekyule, dzina lake lakale ndi "quicksilver", siliva wamoyo, chifukwa ukachitaya pa tebulo chimayendayenda ngati chili ndi moyo. Ndipo mwana akayamba kugunda m'mimba mwa mayi koyamba, liwu lakale ndi "quickening". Mukuona m'mene tanthauzo linayendera, chamoyo chimasuntha, chosuntha nkukhala chachangu.

"Rapid" ndi wa m'malipoti ndi m'manyuzi, amakonda kusintha ndi kukula, "rapid growth", "rapid change", komanso kuchipatala "rapid test", kuyeza kotuluka zotsatira pompopompo. Madzi a mumtsinje othamanga pa miyala amawatcha "rapids". "Swift" ndi changu chosalala chopanda chipwirikiti, amayenda kwambiri ndi "action" ndi "response", ndipo ndi dzinanso la mbalame ina yofanana ndi namzeze. Owonjezera awiri omwe simunafunse koma mudzawafuna: yankho lobwera osachedwa ndi "a prompt reply", ndipo wodwala timamufunira "a speedy recovery". Mawu amenewa anazolowerana chonchi, palibe lamulo la galamala lomwe lingakuuzeni, dikishonale yabwino ndi yomwe imapereka ziganizo zachitsanzo, yanuyo ngati ilibe fufuzani ina.

FUNSO: Ndimalemba nkhani zopeka m'Chingerezi. Amene amandiwerengera akuti tsamba lililonse muli "he ran very fast" ndipo zikutopetsa. Pa Chichewa sindivutika, ndimangoti analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, kapena anangoti phazi thandize. Pa chizungu ndizitani? Ndine mtsikana wa zaka 22.

YANKHO: Achemwali funso lanu landikondweretsa kuposa onse, chifukwa mwagwira pomwe pali nkhani. Ife mneni timakhala naye mmodzi kapena awiri, kuthamanga ndi kuthawa, kenako zokometsera timaziika pambali ndi mvekero ndi zining'a. Chingerezi chimachita mosiyana, kathamangidweko chimakalowetsa m'kati mwa mneni mwenimwenimo, nde chili ndi aneni ambirimbiri omwe dikishonale imangoti "move quickly" pomwe aliyense ali ndi chithunzi chake. Funso lodzifunsa si loti akuthamanga kwambiri bwanji. Dzifunseni kuti akuthamanga ndani, wamkulu bwanji, akuthawa kapena akuthamangira, ndipo akudzilamulira kapena zamuthawa.

Tiyerekeze mnyamata wamva kuti basi ikunyamuka, ili apo pakona. Akathira liwiro lake lonse pa kamtunda kakafupi ndi "sprint". Akangodumphira kutsidya kwa msewu mwadzidzidzi ndi "dash", ndipo munthu wotsanzika mwachangu ku Britain amatha kungoti "I must dash". Ku America mpikisano wa mamita 100 amautchanso "100-meter dash". Tsopano mnyamata yemweyo waba foni ndipo waona wapolisi akubwera, apo ndi "bolt", kudzambatuka nkuthawa mwamantha, liwu lomwe amanenera hatchi ikadzidzimuka nkuthawa ndi wokwerapo. Phazi thandize wanu uja ndi ameneyu, kapena chining'a choti "he took to his heels", kapena cha mumsewu cha ku Britain "he legged it". Zinangochitika mwamwayi kuti munthu amene ali ndi rekodi ya dziko lonse ya mamita 100 dzina lake ndi Usain Bolt wa ku Jamaica, masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, omwe ndi makilomita oposa 37 pa ola mukawerengera mtunda wonse. Koma iye uja pa mpikisano amachita "sprint", sachita "bolt", sakuthawa munthu.

Tizinthu ting'onoting'ono tili ndi aneni ake. Khoswe mukayatsa getsi amachita "scurry", timapazi tofulumira kufuna pobisala. Nkhanu ndi mphemvu zimachita "scuttle". Ana kapena tiagalu tikamathamanga mosewera ndi "scamper", mmenemo muli chisangalalo. Buluzi kapena kansomba kungoti tseee kamodzi nkuima ndi "dart", maso a munthu wamantha nawonso amachita "dart". Nde apa mphamvu ya wolemba ndi pomwe imaonekera: mukalemba kuti nduna yaikulu inachita "scurry" kutuluka mu holo, mwaichepetsa mpaka kukhala khoswe popanda kuitukwana. Mukafuna ituluke ndi ulemu wake, ndawala ya munthu wodziwa komwe akupita, lembani "strode out".

Zikuluzikulu zolemera zili ndi ake. Lole yoduka mabuleki pa chitsetso imachita "hurtle", liwu loti ukaliwerenga umayembekeza ngozi. Ikayamba kupepera uku ndi uku dalaivala yamukanika ndi "career", inde kalembedwe komweko ka liwu lija la ntchito, "the lorry careered off the road", aku America amakonda "careen". Njovu kapena gulu la asilikali likalunjika pa iwe ndi "charge". Ndipo musaganize kuti mvekero kulibiretu, "zoom", "whizz" ndi "whoosh" ndi mawu otsanzira phokoso, kungoti iwo anawasandutsa aneni, njinga yamoto imachita "zoom past".

Koma ndikuchenjezeni mwachikondi, musachoke ku dzenje lina nkukagwera lina. Ndawerengapo nkhani za achinyamata zomwe tsamba limodzi munthu wachita "dash", "dart", "bolt" ndi "sprint" pomwe akungopita kukatsegula chitseko. "He ran" payekha alibe vuto, chomwe chikutopetsa okuwerengeraniwo ndi "very fast" yo. Mneni wapadera musungireni pamene wowerenga akuyenera kuona kathamangidweko. Komanso mtondo wadooka musaumasulire liwu ndi liwu, wowerenga wachizungu adzangodabwa kuti mtondo walowa bwanji mu nkhani.

FUNSO: Aphunzitsi, "hurry", "rush" ndi "haste" ndi amodzi? Mnzanga anayamikira ntchito yanga kuti ndi "rushed", ine ndinathokoza, koma nkhope yake sinaoneke ngati akuyamikira.

YANKHO: Bambo, sanayamikire. "Hurry" ndi kufulumira chifukwa nthawi yachepa, alibe mlandu. "Rush" ndi kufulumira kokhala ndi chipwirikiti, nthawi zina koyenera, munthu akadwalika amati "he was rushed to hospital", ndendende uja athamangira naye kuchipatala. Koma ntchito akaitcha "rushed" ndiye kuti yagwiridwa mothamanga, mwachidule yaphuma. "Haste" ndi dzina, ndipo mwana wake "hasty" ndi phuma lenileni, "a hasty decision" ndi chiganizo chopupuluma. Mneni wake "hasten" ndi wa m'mabuku, ndipo "t" wakeyo satchulidwa, chimodzimodzi wa mu "listen" ndi "fasten".

Azungu ali ndi mwambi woti "more haste, less speed", womwe umamveka ngati ukudzitsutsa mpaka utadziwa kuti "speed" kalekale ankatanthauza kupambana kapena kuyenda bwino kwa zinthu. Nchifukwa chake waulendo ankamutsanzika kuti "Godspeed", Mulungu akuyendetse bwino, osati akuthamangitse. Ndi uja wathu woti kuthamanga sikufika. Mnzanuyo mubwerereni mumufunse malo omwe waona kuti mwadumpha, wakuthandizani.

FUNSO: Ndine dalaivala. Zolondola ndi ziti, "sped" kapena "speeded"? Ndiye bwana wina wa ku America ankandiuza kuti "step on the gas" pomwe galimoto ndi ya dizilo, amatanthauza chani?

YANKHO: Adalaivala, onse awiri alipo. Galimoto ikadutsa mwaliwiro ndi "sped", monga "the car sped away". Pa "speed up" mudzamva "sped up" komanso "speeded up", wachiwiriyu makamaka ku Britain, palibe angakuchongeni molakwa. Chofunika kwambiri kwa inu ndi "speeding". Liwu limeneli pa msewu silitanthauza kungothamanga, ndi dzina la mlandu wopyola liwiro lololedwa. Pamalo olembedwa 50 inu muli pa 60 ndi "speeding" kale ngakhale inu mukuona ngati mukukwawa. Nchifukwa chake "overspeeding" yemwe ambiri timamunena uja ku Britain ndi ku America samveka pakamwa pa anthu akamakamba za mlandu wa pamsewu, "over" yo ili kale m'kati mwa "speeding".

"Gas" wa abwana anuwo ndi chidule cha "gasoline", dzina la petulo ku America, ndipo chopondera moto chija iwo amachitcha "gas pedal" kaya galimoto imamwa dizilo kaya ndi yamagetsi. Aku Britain amachitcha "accelerator" ndipo iwo akanakuuzani kuti "put your foot down". Onse akunena kuti pondani moto. Mukaona kuti msewu sukulola, yankho laulemu ndi "I'm already at the limit, sir", mwawauza kuti mwafika kale pa malire a lamulo popanda kukangana nawo, chindapusa chikabwera chimagwera inu oyendetsa osati iwo.